Pano Timameta Abale Okha

Tsiku lometa pa maliro a mayi anga, kumudzi kuja kunsi kwa phiri la Michesi, tinakhala pamphasa awiri, ine ndi mng'ono wanga Yohane. Inu mayi Esinati simunali mbale wathu. Munali mnzawo wa mayi wa kutchalitchi, ndipo munangobwera kudzathandiza kutunga madzi. Koma munatula ndowa, n'kuvula duku, n'kukhala pakati pathu. Amalume anaimitsa lumo. "Mayi, pano timameta abale okha." Inu munati, "Ndamva, achimwene. Metani. Anawa akagona kwa ine." Tsitsi lanu linagwera pamodzi ndi lathu. Amalume analola kuti ine nditsale ndi inu, koma Yohane anapita naye ku Mozambique. Amayi a kutchalitchi anagawana udindo wondilera: wina yunifomu, wina sopo, wina kukaonekera kusukulu inu mukakhala kumunda. Ndinakula ndi amayi ambiri, koma wometedwa munali nokha.

Lero ndinapita kukametetsa, ndipo nditaona imvi zanga pansi ndinakumbuka mphasa ija. Mpaka kumwalira kwanu munkaimitsa aliyense wa njinga wochokera kutsidya kwa malire, kumufunsa ngati akumudziwa Yohane. Munkati ntchito yanu inathera pakati. Wapezeka, amayi. Wogula nandolo wina ndi amene wandilumikiza naye pafoni. Chichewa chinamuthawa, ine Chilomwe changa n'chotsimphina, koma tamvana. Akubwera Loweruka. Ndinati ndikamudikira pamsika, iye wakana. Akuti tikakumane pamene mwagona inu.