Tochi ya Che Alidi pa Msewu wa ku Thekerani

Munthu wofuna kunyoza Che Alidi aziyamba wayang'ana kaye ngati ine Vitalis ndili pafupi. Ndimagulitsa machaja a foni ndi zingwe za magetsi pakhonde loyang'anizana ndi siteji ya matakisi ku Limbe, ndipo ndikakuwa mawu anga amakafika kunjanji. Kale ndinali woitanira minibasi, khosi lija silinapumebe.

Che Alidi ndi dalaivala wa takisi, bambo wa imvi kundevu, wa kofiya yoyera yosada ngakhale m'fumbi la Okutobala. Anabadwira ku Bangwe konkuno, mwana wa telala wa pakhonde. Anayamba ndi lole ya fodya, kenako minibasi ya Limbe ndi m'tauni, mpaka anadzagula takisi yawoyawo. Ine ndi iwo ndi moto ndi madzi. Ine munthu akandiponda ndimamuuza mpaka za agogo ake, iwo wina akawadula pamsewu amangoti, "Mwina ali ndi wodwala." Lamulo lawo ndi limodzi lokha: sakangana ndi munthu amene amunyamula.

Chaka chija mafuta anavuta, Che Alidi anakhala pamzere wa petulo mpaka miyendo kutupa. Akazi awo, a Hajira, ankawapititsira chakudya pamzerepo ngati munthu wa kundende. Mwana wawo Zakir, amene ali ku Joni, ndiye anati zakwana. Anagulitsa takisi yakale ija, iye n'kuonjezerapo, kunabwera kagalimoto kamagetsi kogwirapo kale ntchito kunja. Kopanda utsi, kopanda phokoso, kotchajira pasoketi ya kukhitchini ngati foni. Anzawo pasiteji sanachedwe, anakapatsa dzina loti Tochi.

"Che Alidi, mabatire a Tochi mwagula angati lero?" ankatero Aleck, dalaivala wina wa pakamwa poyabwa. Tsiku lina ndinamunyamulira benchi. Anandigwira mkono ndi Che Alidi omwewo.

Tsono pali kanthu kamene dalaivala aliyense wa kuno amakadziwa. Mafuta akadula, mtsetse ndi mphatso ya Mulungu. Ukafika pamwamba pa chitunda umachotsa giya, timati kuika fili, galimoto n'kumatsetsereka yokha osamwa kanthu. Che Alidi anali katswiri wa zimenezo kuyambira masiku a lole. Tochi itangofika, chinthu choyamba chimene anafunafuna ndi pamene pali fili, ndipo anapapeza. Zakir anawauza pafoni kuti galimoto imeneyi saiika fili. Iwo anati, "Chabwino, mwana wanga," n'kumaikabe. Mwana amene anaphunzirira chiwongolero pamiyendo yawo angawauze chiyani za mtsetse? M'tauni muno palibe chinaoneka cholakwika.

Kasitomala wawo wamkulu ndi Mayi Salome a ku Kanjedza, mphunzitsi wopuma, mayi wa Mvano. Amuna awo, a Maziko, atadwala, anali Che Alidi amene ankawatengera kuchipatala mpaka ulendo wotsiriza. Tsono inakwana nthawi yokavundukula chiliza cha malemuwo kwawo ku Thekerani, kuseri kwa mapiri a ku Thyolo. Abusa ananeneratu kuti mwambo uyamba teni koloko, chifukwa masana ali ndi ukwati kumpingo wina. Wochotsa nsalu pachiliza n'kuika nkhata yoyamba anali Mayi Salome. Akachedwa, abale a mwamuna akanachita okha, ndipo nkhani imeneyo sikanatha mpaka iwonso kulowa m'manda.

Mwana wawo Annette anabwera pasiteji kudzaletsa. "Amayi, tipeze galimoto yeniyeni. Iyi ikakathera m'phiri mudzaithira chiyani?"

"Amene anatengera bambo ako kuchipatala ndi amene anditengere kuchiliza chawo," anatero Mayi Salome. Kenako anatembenuka. "Che Alidi, tikafika?"

"Tikafika, Mayi, Mulungu akalola."

Annette anatsogola dzulo lake paminibasi. Ine ananditenga chifukwa cha chingwe changa chachitali, choti tikatchajire pagolosale ya achibale kumeneko. Ndiponso ndikanakhala bwanji pakhonde Aleck akundiyang'ana?

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, Tochi itakhuta magetsi. Kutsogolo kwa chiwongolero kuli nambala yosonyeza makilomita otsala, ndipo inkaoneka yokwanira, n'kutsalako pang'ono. Koma ulendo wa kumudzi mukuudziwa. Kumbuyo kunali thumba la mpunga, makireti a zakumwa, nkhata za maluwa. Pa Bvumbwe Mayi anati tiime, anagula kabichi ndi tomato ngati akukadyetsa boma lonse. Ine ndinakhala kutsogolo, chingwe chili pamiyendo, maso panambala.

Msewu unali wokoma, ndisaname. Minda ya tiyi yobiriwira ngati kapeti, nkhungu ikuchoka pang'onopang'ono, ndipo popanda injini yobangula tinkamva mpaka amayi othyola tiyi akuseka. Che Alidi pamtsetse uliwonse chala pa fili, pachitunda n'kubwezera. Mayi ankaimba nyimbo ya Mvano chamumtima.

Titadutsa pa boma la Thyolo, mapiri anayamba kuonetsa khalidwe lawo. Chitunda chilichonse chinkadya nambala ija ngati chiswe. Che Alidi anazimitsa wailesi. Anazimitsa chopemerera mphepo. Titapitirira Makwasa, ndinatsitsa galasi n'kufunsa bambo wina wa njinga ya nthochi kuti kwatsala mtunda wotani.

"Makilomita ngati twente, akulu. Koma ndi zitunda zokhazokha."

Nambala yathu inali pa 13. Ndinayang'ana Che Alidi. Iwo anangokonza kofiya.

Kenako tinafika pamtsetse wautali wokhotakhota, phompho lili mbali ya Mayi. Che Alidi anaika fili, Tochi yolemedwa ndi mpunga inathamanga, iwo n'kumaigwira ndi buleki pakona iliyonse. Fungo linalowa m'galimoto.

"Che Alidi, chikupsa n'chiyani?"

"Ndi mabuleki, Mayi. Atentha pang'ono chabe."

"Mukuyendetsa galimoto ndinu, kapena galimoto ikuyendetsa inu? Bwezerani giya. Ine ndikupita kukaona chiliza, osati kukaonjezera china."

Apa ndinaphulika. "Mayi, ndi ulemu wonse, mukudziwa zimene mukunenazi? Magetsi atha! Fili ndiye akutipulumutsa! Tikaika giya tifera pompano, mudzayenda wapansi ndi kabichi wanu pamutu!"

"A Vitalis," anatero Mayi Salome ndi mawu aja a m'kalasi, "galimotoyi ndabwereka kwa inu?"

Ndinaona nkhope ya Che Alidi. Ankakhulupirira ngati ine kuti kumvera kumeneku kutisiya m'phiri, lonjezo lawo n'kusweka. Koma lamulo lawo lija. Anati, "Chabwino, Mayi," n'kubwezera giya.

Tochi inadzigwira yokha, ngati munthu waikoka malaya kumbuyo. Phazi lawo linachoka pabuleki. Panamveka kakulira kakang'ono ngati udzudzu. Ine maso panambala, kudikira kuti ndione ikugwa ndiyambirenso kulalata. Inali pa 11. Tinakhota kona. Inafika pa 12.

Ndinapukuta galasi la nambalayo ndi malaya. Inafika pa 13.

"Che Alidi! Che Alidi, ikukwera! Galimotoyi ikudzitchaja yokha!"

"Musandigwedeze mkono, a Vitalis, pali phompho."

"Ndikuti ikudya mtsetse! Mulungu wanga, m'mawa wonse takhala tikutaya magetsi m'mabuleki!"

Pofika pakamlatho pansi, nambala inali itabweza zambiri ndithu. Che Alidi anaseka pang'ono m'ndevu. "Ndiye n'zimene ankanena mwana uja."

"Mwana uti?" anafunsa Mayi.

"Wina wake wa ku Joni, Mayi."

Kuyambira pamenepo unali malonda a kubweza ndi kulanda. Chitunda chikalanda, mtsetse unkabwezako. Ine amene ndinkatukwana mapiriwo ndinayamba kuwapempha kuti atsike kwambiri. Pamtsetse uliwonse ndinkaitanira ngati pa depoti, "Tsika, tsika, tsika, malo alipo!" mpaka Mayi anaseka n'kupukuta misozi ndi nsonga ya duku.

Koma zimene tinataya m'mawa zinali zitatayika. Chitunda chomaliza, denga la tchalitchi likuonekera pamwamba, nambala inazimiririka, m'malo mwake panabwera kachithunzi ka kamba. Tochi inayamba kukwawa. Palibe anandiuza kanthu. Ndinatsegula chitseko, ndinatsika, ndinatulutsa thumba la mpunga n'kulisenza, chingwe chili m'khosi.

"Pitani! Mukandipeza ndafika!"

Ndinawaona akukwera pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Anafika.

Nditafika ine, thukuta lili chuchuchu, ndinamva kwa Annette mmene zinakhalira. Kwaya inali itayamba kale nyimbo yotsegulira kumanda, achimwene a malemu atayamba kuyang'ana wotchi. Tochi inalowa mpaka pamtengo wa pafupi popanda aliyense kuimva, nyimbo osasokonezeka. Anthu anangoona Mayi Salome ataima pakati pawo ndi yunifolomu yawo yoyera, nkhata ili m'manja, ngati analipo kuyambira kale. Nsalu anachotsa ndi iwo. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga, ndili kumbuyo ndi mpunga wanga. Che Alidi anaima chapatali pamthunzi, manja kumbuyo, mpaka abusa anamaliza.

Tochi tinaikankha ndi amuna a m'mudzimo kukafika pagolosale, chingwe changa chinagwira ntchito yake, ndipo magetsi sanathime, mwina nawonso anachita manyazi. Tinabwerera mawa lake titasenzetsedwa nthochi ndi mapeyala. Pamtsetse uliwonse ndinkaona chala cha Che Alidi chikupita chokha pa fili, n'kubwerera ngati chakhudza mbaula. Tinalowa mu Limbe nambala ikadali ndi mafuta m'thupi.

Aleck anali pasiteji, galimoto yake ili pamzere wa petulo kuyambira dzana. Anatsegula pakamwa, ine ndinamutsogolera, ndipo zimene ndinamuuza sizilembedwa. Che Alidi anangomupatsa phava la nthochi kuti akapatse ana.

Madzulo ake anaimbira Zakir ndili pomwepo. Ndinatchera khutu kuti ndimve akuvomera kuti analakwa pa za fili. Anafunsa za ntchito, za kuzizira kwa ku Joni, ngati akupita ku mzikiti Lachisanu. Pomaliza anati, "Mayi Salome akupereka moni. Akuti galimoto yako imatsika bwino phiri."

Mpaka lero Lachiwiri lililonse Che Alidi amakatenga Mayi Salome ku Kanjedza kupita nawo kumsika. Akafika pamtsetse wa msewu waukulu, Mayi amakhosomola pang'ono, ndipo Che Alidi amaika manja onse awiri pamwamba pa chiwongolero kuti aone kuti palibe chala pa fili.