Tsiku limene anayesera makompyuta pa apongozi anga

Apongozi anga anawasandutsa choyesera makina. Munthu wamkulu, wodwala, wobwera ndi ndalama zake m'thumba. Zinachitika kuno ku Nkhotakota nthawi ya chipani chimodzi, chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Masiku amenewo ukadandaula unkagona kwina. Lero ndinena zonse, ndipo amene zikuwakhudza awerenge.

Ine ndine mayi ake Hawa. Apongozi angawo anali a Sumaili, bambo ake a mwamuna wanga Rajabu. Ndiwo ankaitana anthu ku swala, mapemphero athu, pa mzikiti wa kwathu. Anali munthu waukhondo wosaneneka. Mkanjo wawo woyera ankachapa okha, kusita okha. Ine monga mpongozi sindinakhalepo nawo pa mkeka umodzi. Powapatsa madzi ndinkagwada chapatali, maso pansi.

Linali Lachisanu, mwezi wotentha uja mvula isanayambe. Rajabu anali ku Ngala kogula usipa. M'mawa ndinawapeza bambowo atatsamira mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, thukuta lili chuchuchu, dzanja lili pansi pa mchombo.

"Mayi, mundiperekeze kuchipatala," anatero.

Sananene chowavuta. Inenso sindikanafunsa. Ndinati tipite kuchipatala cha boma. Anakana. Anati kumeneko mzere ndi wautali ndipo aliyense amawadziwa. Kolipira, anatero, amamuona munthu msanga ndiponso mwaulemu, abwerako swala ya Ijumaa, ya Lachisanu masana, isanakwane.

Mwaulemu! Mumve ulemu wake.

Tinafika pa kiliniki ina ya pa boma cha m'ma 8 koloko. Iwo patsogolo, ine m'mbuyo, tikuima pafupipafupi. Titalowa tinapeza odwala ali chiimire. Mabenchi onse anadzaza makatoni. Pansi panadutsa waya wakuda kuchokera pa tebulo lolandirira anthu, kulowa m'chipinda cha adokotala, kukafika pa windo la mankhwala. Ponse patatupo anaikapo kompyuta. Ineyo kanali koyamba kuona chinthu chotere.

Panali bambo wina wa tayi, ankati ndi katswiri wochokera ku Blantyre. Anakhala pa mpando wabwino, akulowetsa timadisiki m'kompyuta kamodzikamodzi. Ankaika pulogalamu yosunga maina a odwala. Mtsikana wolandira anthu anatiuza monyada kuti kuyambira lero zolemba pamanja zatha. Iye akalemba dzina lako apa, lidutsa m'waya, likaonekera kwa adokotala, kenaka kwa wamankhwala.

Fani inalipo imodzi. Anailozetsa pa kompyuta. Katswiri uja anati makina sagwirizana ndi kutentha kwa kunyanja. Nanga anthufe timagwirizana nako?

Ndinapempha mpando wa apongozi anga. Mtsikana uja anati makatoni sangakhale pansi, muli zinthu zodula. Apongoziwo anatsamira khoma. Sanabuule.

Ndinapempha kuti awalembe pa kapepala monga kale. Anati mabuku akale onse anawatsekera m'sitolo dzulo lake, adokotala alamula.

Tinadikira mpaka 10 koloko. Kadisiki kena kanakana, katswiri nkuyambiranso pachiyambi. Kenaka anaimirira, nkudziwongola, nkunena kuti tsopano akufuna munthu weniweni woyesera. Anayang'ana odwala ngati akusankha mbuzi pa msika.

"Tiyambe ndi madala a mkanjowa."

Ndinakondwa, mundikhululukire. Ndinkaganiza kuti tapeza mwayi.

Mtsikana uja anafunsa dzina. Anamuuza. Anafunsa tsiku lobadwa. Bambo anati anabadwa chaka cha dzombe. Katswiri anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati kompyuta sidziwa dzombe, ifuna manambala, ndipo popanda manambalawo sipita patsogolo. Anawayang'ana m'mutu, nkutchula chaka cha m'mutu mwake, mtsikana nkulemba. Ankalemba ndi chala chimodzi, akusakasaka chilembo chilichonse.

Kenaka anafunsa chowavuta.

Bambo anayang'ana pansi. Anati, "M'mimba."

Katswiri anati m'pulogalamumo mulibe "m'mimba" chabe, pali mndandanda, asankhe. Anayamba kuwerenga mokweza. Kutsegula? Kudzimbidwa? Njoka? Bambo anapempha motsitsa mawu kuti alankhule ndi munthu wamwamuna kumbali, chifukwa pali mpongozi wawo. Ine ndinatembenuka kuti ndituluke. Mtsikana uja anandiletsa, ati woperekeza ayenera kukhalapo, nayenso alembedwa.

Ndiye mtsikanayo anawayang'ana pamene anagwira, nkukuwa chipinda chonse chikumva.

"Ndi mkodzo? Sukutuluka? Kuyambira liti? Nenani agogo, makina akudikira!"

M'chipindamo munali anthu a ku mzikiti kwathu. Munalinso bambo wina wogulitsa nsomba, wodziwika kuti pakamwa pake sipatseka. Apongozi anga anayankha ngati akunong'oneza khoma. Anati kuyambira dzulo masana.

Kuyambira dzulo masana! Usiku wonse munthu osagona, ali yekha, osafuna kundidzutsa. Mwana wa sukulu akanadziwa kuti ameneyu ngwolowetsa nthawi yomweyo. Koma iwo anangodina batani, nkutiuza kuti tipite kwa adokotala.

Tinapita. Adokotala, amenenso anali mwini kiliniki, anali atatsamira pa kompyuta yawo. Sanadzutse mutu. Anati pa galasi la kompyutayo palibe kanthu, tibwerere.

Tinabwerera. Katswiri anagwiragwira kuseri kwa makina, nkuti tapitaninso. Tinapitanso. Adokotala anati dzina silinafike.

Dzina silinafike? Munthuyo wafika! Ali pakhomo panu, wapindika pakati! Maso munali nawo a chiyani?

Kachitatu bambo ankayenda chogwira khoma. Katswiri ankawatsatira m'mbuyo, akuwauza kuti asaponde waya. Atafika pakhomo anawauza kuti aime pompo asasunthe, iye akuitanizana ndi mtsikana uja kudutsa pamutu pawo. Wadina? Ndadina. Dinanso. Munthu wamkulu ali chiimire pakati pawo ngati mtengo wa mbendera.

Ndinalowa m'chipindamo nkugwada pa simenti. Ndinati, "Adokotala, chonde, tawaonani kaye. Zolembazo mulemba pambuyo."

Apo ndiye anandiyang'ana. Anati mawa kubwera a tcheyamani a chipani kudzatsegulira makinawa, ndipo sakufuna kuchita manyazi pamaso pawo. Anati akayamba kuona anthu chamseri lero, antchito awo sadzaphunzira. Ndinati nanga munthu akafera pano. Anandifunsa ngati ndili ndi khadi la chipani. Ndinali nalo, lomanga pa nsonga ya chitenje. Anati ngati ndili nalo ndiye ndikudziwa zimene zimawachitikira anthu otsekereza chitukuko.

Ndinatseka pakamwa. Inunso mukanatseka.

Nditatuluka ndinamva bambo akufunsa mtsikana uja kumene kuli chimbudzi. Anati njira ya kumeneko yatsekedwa, kuli makwerero, akuboola khoma kuti adutsitse waya wa chosindikizira. Adikire pang'ono. Anapemphanso. Ndinali ndisanawamvepo akupempha chinthu kawiri. Mtsikana anati, "Mwapirira kuyambira dzulo, mulephera mphindi zochepazi?" Katswiri anaseka.

Thupi lili ndi malire ake. Unayamba kudontha wokha. Sunali mkodzo wokha, unali wosakanikirana ndi magazi. Pa mkanjo woyera. Banga linayamba laling'ono, nkumakula, nkutsikira m'munsi mpaka kumapazi. Bambo anaima osagwedezeka, maso atatseka.



Woyamba kukuwa anali mtsikana uja. Mukuganiza anakuwira wodwala? Anakuwa kuti, "Waya! Waya uja!"

Katswiri analumpha, nkunyamula wayayo m'mwamba ndi manja awiri ngati mwana wakhanda. Anati wayayo ngwochokera kunja, ku Malawi kuno sapezeka, ndipo akaonongeka sitingathe kulipira ngakhale titagulitsa bwato ndi maukonde onse. Anati anthu a kunyanja anazolowera kungochita paliponse. Adokotala anasuzumira pakhomo, nkuuza mtsikana kuti andipatse chokolopera. Anandiponyera chisanza kumapazi.

Sindinachitole. Ndinamasula chitenje chapamwamba nkuwakulunga nacho m'chiuno apongozi anga. Ine, mpongozi, kugwira thupi lawo ndi manja anga, anthu akuona. Anatembenuka nkulunjika pakhomo.

Tili pabwalo tinamva chosindikizira chikulira m'katimo, wina nkuomba m'manja. Katswiri ankafuula kuti zatheka. Mtsikana uja anatuluka pakhonde akumwetulira.

"A Sumaili! Mwaoneka kwa adokotala! Lowani!"

Sanacheuke. Nthawi yomweyo mzikiti wa pa boma unayamba kuitana swala ya Ijumaa. Anaima pang'ono pamsewu, atavala chitenje cha mpongozi wawo pamwamba pa mkanjo wonyowa. Kenaka anakhala pansi m'fumbi.

Bambo wina wa ngolo anatinyamula mpaka ku chipatala cha boma, kumene ankakukana kuja. Kumeneko anawaika kapaipi, mkodzo nkutuluka. Ntchito yake sinatenge nthawi yoti nkuphika tiyi. Ndi zokhazo zimene ankafunika kuyambira m'mawa. Kiliniki ija kapaipi kameneko inali nako. Ndikudziwa, chifukwa amuna ena a kwathu ankakaikidwa komweko.

Thupi linachira. Zinazo sizinachire.

Pofika Loweruka madzulo nkhani inali itafika padoko ponse. Wogulitsa nsomba uja ankaifotokoza akuyerekeza mmene apongozi anga anaimira. Anyamata ankati akawaona patali, wina nkufuula kuti "Waya uja!" enawo nkugwa ndi phwete. Munthu amene mawu ake ankadzutsa mudzi wonse m'bandakucha. Sanakwerenso kukaitana swala. Akuluakulu a mzikiti anabwera kudzawapepesa, kuwauza kuti matenda si tchimo. Anawamvetsera, nkuwathokoza, koma sanapite.

Ine anasiya kundiyankha moni. Osati chifukwa cha mkwiyo. Ndikatulukira pabwalo, iwo ankalowa m'nyumba. Chakudya ndinkasiya pakhomo ngati ndikusiyira mlendo wobisala.

Rajabu atabwera anapita ku kiliniki kuja kukafunsa. Sanatukwane, sanamenye munthu. Anangofunsa kuti chifukwa chiyani. Adokotala anamuuza kuti bambo ake anachoka okha asanaonedwe, ndipo makina akusonyeza choncho. Patapita masiku awiri kunabwera anyamata a chipani. Anati amva kuti akunyoza chitukuko chimene a tcheyamani atsegulira. Anamutenga m'mawa. Anabwera madzulo akutsimphina, diso limodzi litatupa. Zimene anamuchita sanandiuzepo mpaka lero. Anangondifunsa funso limodzi, lakuti ndinawatengeranji kumeneko. Funso limenelo linakhala m'nyumba mwathu zaka zambiri.

Mvula itayamba, apongozi anga analongedza katundu nkupita kwa mlongo wawo ku Dwambazi. Anasiya nyumba imene anamanga okha, mango awo, manda a akazi awo.

Ndinawatsatira kamodzi, nditabereka Hawa kumbuyo, nditasenza mpunga. Mlongo wawo anandilandira bwino. Iwo sanatuluke. Anauza mlongoyo kuti awalowetsere mwana, anamudalitsa, nkumubweza. Ine ndinagwada panja pa chitseko. Analankhula ali m'kati.

"Mayi, inu simunalakwe. Munandichitira zimene mwana wanga akanachita. Koma nkhope yanu sindingathe kuiona. Musavutikenso kubwera."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa iwo. Anamwalira komweko chaka chotsatira. Matenda aja anabwereranso, ndipo anakana kupita ku chipatala chilichonse. Mlongo wawo anawagwadira, Rajabu anawagwadira. Anati ayi, kuonedwa kamodzi kunakwana.

Tsono ndifunse.

Adokotala, munaphunzira zaka zonsezo kuti muzidikira galasi likuuzeni kuti pakhomo panu pali wodwala? A tcheyamani anaomba m'manja mawa lake, munasangalala?

Inu katswiri wa ku Blantyre, ndikumva kuti tsopano ndinu bwana wamkulu, mumaphunzitsa ena. Mumawaphunzitsa kuti poyesa makina azisankha wodwala kwambiri? Panalibe dzina lopeka loti mulembe? Simukanalemba lanu, nkumayenda nokha uku ndi uku?

Ndipo iwe mtsikana wa pa tebulo, lero ndiwe mayi wa zidzukulu. Timakumana pa msika wa mpunga. Umandipatsa moni ngati sitikudziwana. Ine ndimakudziwa.

Musandiuze kuti zinali zakale. Rajabu akukalamba, ndipo usiku wayamba kudzuka kawirikawiri kupita panja. Ndikamuuza za chipatala amangoyang'ana kumbali. Ndikudziwa chimene akuona.

Inu amene muli ndi makolo, mukawatengera ku kiliniki nkupeza akuika makina atsopano, musachite manyazi ngati ine. Musagwade. Kuwani, gubuduzani tebulo, kapena nyamulani munthu wanu mupite kwina nthawi yomweyo.

Ndipo inu atatu, ndalama sindikufuna. Mubwere kwathu Lachisanu lililonse limene mungasankhe, swala ikatha, anthu asanabalalike. Mudzaime pakhomo pa mzikiti, mudzanene mokweza zimene munawachita a Sumaili. Mokweza, mwamva? Kukuwa mumatha.