Chimbale cha basela

Chimbalecho sindinachigule. Ndinkanenerera wailesi yakale pamsika wa kaunjika kuno ku Doha, ndipo titagwirizana mtengo ndi mwini wake, mkulu wina wa ku Pakistan, ndinati, "Nanga basela?" Mawuwo sanawamve, koma dzanja langa lotambasula analimva. Anatola CD m'katoni n'kundiponyera ngati akuingitsa nkhuku.

Pachikuto panali anyamata achizungu ovala majinzi oti ngakhale ku Limbe sangagulidwe. Ndinachiponya kunsi kwa bedi.

Kenaka korona anatitsekera m'chipinda ku Al Aziziya, ine ndi mnzanga wa ku Chipata wogwira ntchito yaulonda. Masana ena, posowa chochita, ndinachiliza. Mayo ine! Wina anangokuwa kuwerenga mpaka folo, magitala n'kugwa ngati matalala pamalata. Usanakhazikike nyimbo yatha, ina yayamba kale.

"Achimwene, akuberani," anatero mnzangayo. "Chadumpha ichi."

"Munthu amaberedwa bwanji chinthu chaulere?"

Sabata isanathe tinali tikudumpha tonse awiri, oyandikana nafe akumenya khoma. Akuti nyimbo zoterezi zimatchedwa punk. Anyamatawo anachijambula ine ndisanabadwe, kuimba sankakudziwa kwenikweni, koma sankapempha chilolezo kwa munthu.

Chilolezo ndiye chinali vuto langa. Lamulo linali litangosintha kuti ukhoza kusamukira ntchito ina popanda kalata ya bwana, ndipo hotela ina inkafuna madalaivala. Koma ine, wopanikiza mavenda mpaka kutukwana, pamaso pa bwana wanga wa ku Al Waab, amene ndinkamuyendetsera galimoto, ndinkasanduka mwana wa sitandade wani. Ndinkadziwa kuti akangoti tikambirane, ndiyamba kudzitsitsa mtengo ndekha.

Tsiku lokamuuza ndinaliza chimbale chonse m'galimoto, mawindo otseka, n'kulowa m'nyumba makutu akulira.

"Bwana, mwezi ukatha ndikuchoka!" Mawu anaboola masiki mpaka wakukhitchini anasuzumira.

"Shway shway," anatero bwana, kundiziziritsa ndi dzanja. "Khala pansi. Ndikuwonjezera kangachepe."

Lilime linandiyabwa. Kunenerera kokoma chonchi, bwana atayamba yekha kukweza! Matako anali atatsala pang'ono kukhudza mpando. Ndinadzuka.

"Lero palibe kunenerera, bwana. Khalas, zatha basi."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kupukusa mutu. "Khalas," anabwereza.

Panopa ndimayendetsa alendo a kuhotela. Ndikangowatsitsa pa eyapoti ndimachiliza mpaka dashibodi kunjenjemera, ndikukuwa nawo mawu oti mpaka lero sindikuwamva bwinobwino.