Tinamuuza Rozina Kuti Bambo Ake Ali ku Tete

Ndinadzidzimuka Lachinayi la sabata yachiwiri ya Julaye, foni ya malemu amuna anga ikuonetsa 4:10 m'bandakucha. Ndinali nditawodzera pamphasa, pambali pa bokosi. Amayi a mpingo anali atatopa kuimba, ambiri atafunda zitenje mpaka kumutu chifukwa cha chisanu. Panja amuna ankakhosomola mozungulira moto. Woyamba kundibwerera m'mutu anali mwana wathu Rozina, wa zaka zisanu.

Uthenga utafika Lachiwiri kuchokera kuchipatala ku Ulongwe, apongozi anga anamutenga Rozina n'kukamusiya kwa achemwali awo kutsidya kwa mtsinje. Anamuuza kuti bambo ake apita ku Tete kukatenga mabuku a shikola. Ine sindinatsutse. Ndine wobwera pamudzi pano, ndipo pamaso pa akuluakulu mawu anga amathera kukhosi. Koma Lachitatu mayi wina anandinong'oneza kuti mwanayo watandala pachulu, kuyang'ana chapa iliyonse, minibasi zonyamula anthu zija, yodutsa pamsewu.

Kutayamba kuyera, adzukulu anadutsa ndi makasu kupita kumanda. Nkhungu inali itaphimba minda yonse. Kuseri kwa nyumba amayi anateleka migolo ya nyemba, ena ankadula kabichi. Anthu anayamba kufika, ena wapansi kuchokera ku Fonte Boa, ena panjinga zamoto kuchokera ku Kalomwe. Kenako kunabwera ana a shikola atandandalika awiriawiri, aphunzitsi ali pambuyo. Mwana aliyense wamng'ono akaonekera pakhomo, ndinkasuzumira kuona ngati ndi Rozina.

Amuna anga ankaphunzitsa kalasi yachisanu. Chaka chatha anaika m'foni mwawo chinthu chimene aphunzitsi amati IA, choyankha mafunso ngati munthu. Phunziro likavuta, ankachifunsa njira yofotokozera ana, ndipo ndinkawamva pakhonde akutsutsana nacho. Tsiku lina chinawauza kuti aphunzitse kugawa chinthu m'zigawo pogwiritsa ntchito chakudya china chimene kuno sitinachionepo. Anaseka, n'kuchiuza kuti ana a kuno amadziwa mbatata ya kachewere. Chinasintha zitsanzo zonse, ndipo m'mawa mwake anapita kushikola ndi thumba la kachewere ndi mpeni wanga wakukhitchini. Ine shikola ndinalekera kalasi yachitatu, choncho foniyo ndinkangoigwira powapatsira.

Mwambo unayamba dzuwa litaboola nkhungu. Anthu anaona nkhope, akumpingo anapemphera, mkulu wa shikola analankhula nthawi yaitali. Zimene ananena sindinazigwire. Ndinkangowerengera kuti nyimbo zathu zikumveka mpaka kutsidya.

Njira ya kumanda imadutsa m'mbali mwa mtsinje. Amayi awiri anandigwira mikono, bokosi lili patsogolo. Titafika pamene pali mabulugamu, ndinakweza maso ndipo ndinamuona Rozina. Anali pachulu chija, atavala juzi yofiira, akuonerera chigulu cha anthu ngati mmene ana amaonerera ukwati. Ndinangoima. Amayi aja anaganiza kuti ndi chisoni, anandilimbitsa, tinapitirira. Kumanda ndinaika nkhata, ndinamva dothi likugwera pabokosi, koma mantha anga anali akuti mwana wina wa shikola angadutse pachulupo n'kumuuza ngati nkhani yamasewera.

Titabwerako, anthu atasamba m'manja n'kuyamba kudya, mphunzitsi wina wamkazi anabwera kudzandipepesa. Ndi amene ankakonza maphunziro limodzi ndi amuna anga. Anagwada pambali panga, ndipo atafuna kunyamuka ndinagwira chitenje chake.

"Apulofesola, chija cha m'foni, kodi chingadziwe mmene munthu angauzire mwana kuti bambo ake amwalira?"

"Simunamuuze, mayi a Rozina?"

"Akudziwa kuti ali ku Tete."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunditengera kuseri kwa nkhokwe. Analemba m'Chipwitikizi pafoni yake, kenako ankawerenga n'kumandimasulira. Chinati tisanene kuti agona, mwana angayambe kuopa tulo. Tisanene kuti ali paulendo, azidikira. Tinene mawu enieni akuti amwalira, kuti thupi lasiya kugwira ntchito, silipuma, silidya, silimva kuwawa kapena kuzizira. Chinati mwanayo azifunsa mobwereza, ndipo yankho lizikhala lomwelo. Timuuzenso kuti si chifukwa cha chilichonse chimene iye anachita. Pomaliza chinafunsa ngati anaonapo chinthu chamoyo chikufa.

Ndinakumbukira kamwana ka mbuzi kamene kanafa nthawi ya mvula. Rozina anakagwedeza, n'kukaikira udzu pakamwa.

"Yambirani pamenepo," anatero mphunzitsiyo.

"Bwanji mukamuuze ndinu? Inu ndi odziwa kufotokoza."

"Ine mawa ndili ndi ana makumi asanu ndi awiri ofunika kuwauza zomwezi. Uyu ndi wanu. Akadzafunsanso mwezi wamawa, ine ndidzakhala kuti?"

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala phulusa, njerwa zotelekera ndi mabenchi a tchalitchi. Achemwali a apongozi anabwera naye Rozina atagona kumsana. Pomuyala, apongozi anandiuza motsitsa mawu kuti ndisamusokoneze mwana, adzadziwa yekha akakula. Maso awo anali otupa, ndipo uyu anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva kupuma kwa Rozina, ine ndikubwereza mawu aja chamumtima kuti ndisaiwale ndondomeko yake.

M'mawa mwake, abale asanasonkhane kudzasesa, ndinamutengera kuseri kwa nyumba kumene dzuwa limayambira kufika. Ndinamukhazika pamiyendo. Ndinamufunsa ngati akukumbukira kambuzi kaja, anati inde, kanakana udzu. Ndiye ndinamuuza kuti bambo ake sali ku Tete, amwalira, ndipo bokosi limene analiona dzulo munali thupi lawo.

"Abwera liti?"

"Sabweranso."

"Ngakhale pa chapa?"

"Ngakhale pa chapa."

Anafunsa ngati m'dothimo akumva kuzizira. Ndinati ayi. Anafunsa ngati n'chifukwa choti anang'amba kaderno yawo, kope lolembamo lija. Ndinati ayi, anadwala chibayo. Analira pang'ono, nkhope ataibisa pachifuwa panga, kenako anadzuka n'kupukuta mphuno ndi juzi.

"Amayi, agogo sakudziwa. Iwo akuti ali ku Tete. Tiyeni tikawauze."

Ndinaimirira, ndinamanga bwino chitenje, ndinamugwira dzanja, ndipo tinapita kukaodira pakhomo pa apongozi.