Ercília ndi Bokosi la Madisiki la ku Chimoio

Kachitatu konse, dzina la Ercília Jofrisse silinapezeke pa chipupa. Anayendetsa chala pa mndandanda wa amene anakhoza mayeso olowera kusukulu ya zaumisiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Munalibe. Ndalama ya chapa, minibasi ya kumeneko, analibe, choncho anayenda wapansi kuchoka pakati pa mzinda wa Beira mpaka ku Munhava, kumene ankakhala ndi amalume ake chimwalirireni mayi ake.

Amalumewo sanadikire n'komwe kuti afotokoze.

"Katatu, mwanawe! Mutu wakowo wakana sukulu. Kafune tsache basi, tsache silifunsa satifiketi."

Ercília analira tsiku limenelo. Lolemba lotsatira anapitadi kukafuna tsache.

Anapeza ntchito yokolopa pa kampani ina yaing'ono yoyeza malo. Kampaniyo inkasunga mapu ndi zithunzi za mapepala a malo a anthu masauzande ambiri, ndipo zonsezo zinkakhala m'kachipinda kozizira, m'bokosi lachitsulo lokhala ndi madisiki khumi ndi awiri. Makompyuta onse a mu ofesi ankatunga m'bokosi limenelo. Woliyang'anira anali bambo Belarmino, mkulu wolankhula mokalipa ngakhale akamapereka moni, amene maso ake anali atayamba kuchita ng'ala.

Tsiku lina Ercília akukolopa pakhomo la kachipindako, anamva akuitanidwa.

"Iwe wa chikolopa! Maso ako amaona?"

"Amaona fumbi, bambo."

"Lero aone nambala. Pa disiki imene yayaka nyali yofiirayo palembedwa chiyani?"

Anawerenga. Bambo Belarmino anasolola disikiyo bokosi lili chiyakire, n'kulowetsa ina. Ercília anachita kugwira pakamwa.

"Ndiye za m'katimo sizinatayike?"

Pa zaka zonse zimene mkuluyo anagwira pamenepo, palibe anamufunsapo funso limeneli. Anamufotokozera kuti madisiki onsewo amamangidwa pamodzi kukhala nkhokwe imodzi, ndipo chilichonse chosungidwa chimamwazidwa mwanzeru moti imodzi ikafa, anzake amatha kudzaza yatsopanoyo. "Koma akafa atatu nthawi imodzi, ine ndi iwe tikagulitsa bajiya ku msika wa Maquinino."

Kuyambira tsiku limenelo, Ercília ankabwera ndi funso limodzi m'mawa uliwonse, yankho lake n'kulilemba m'kope. Ataona kuti mtsikanayo satopa, bambo Belarmino anamupatsa kompyuta yotayidwa ndi madisiki anayi akale. Anzake akapita kukadya masana, iye ankakhala m'stolo ya matsache, buledi kudzanja lino, akumanga nkhokwe yakeyake. Ankaimanga, n'kuigwetsa dala, n'kuyesa kuidzutsa. Kambirimbiri inkakana kudzuka, iye n'kuyambiranso.

M'stolo momwemo anaphunzira kujambula nkhokwe, zimene a ntchitoyi amati sinapushoti. Makina amakumbukira mmene zinthu zonse zinalili pa ola lakutilakuti, ndipo wina akafufuta chinthu mwangozi, umabwerera pa chithunzicho n'kukachitenga.

Onyoza sanasowe. Gildo, mmodzi wa oyeza malo, akamudutsa ankakuwa kuti onse amve: "Injiniya wa chikolopa! Chimbudzi cha m'mwamba chapereka moni!" Anthu ankaseka. Ercília ankapita kukatsuka chimbudzicho, akamaliza n'kubwerera ku madisiki ake.

Patatha zaka zitatu, maso a bambo Belarmino anatheratu. Tsiku lotsanzika anauza mwini kampani, Dona Graciete, kuti asavutike kufuna munthu wina.

"Wokolopayu?" anafunsa Dona Graciete. "Bambo Belarmino, mwayamba nthabwala muukalamba?"

"Mayi, chaka chonse chathachi manja amene amagwira bokosi lija ndi ake. Ine ndimangokalipa."

Dona Graciete anapatsa Ercília miyezi itatu yoyeserera, koma anati kukolopa asasiye.

Miyezi itatuyo inatha bwino, koma chinthu chimodzi chinkamudya mumtima. Zithunzi zonse za nkhokwe zinali m'bokosi lomwelo, m'chipinda chapansi, mumzinda umene mvula ikangogwa maola awiri madzi amafika m'mawondo. Anapita kwa Dona Graciete kukapempha kuti aike bokosi lachiwiri ku ofesi yawo yaing'ono ya ku Chimoio, kumtunda, kuti lizilandira zonse zimene loyamba lasunga.

"Zaka khumi ndi zinayi tili pano, madzi sanalowepo," anatero Dona Graciete. "Komanso intaneti yathuyi ukuidziwa. Kutumiza zonsezo kungatenge miyezi isanu."

Ercília anapita kanayi, ndipo kanayi konse anakanidwa. Kachisanu sanapite ndi pempho lokha. Anali atakonza bokosi lakale limene linkachita dzimbiri m'stolo, n'kukoperamo nkhokwe yonse ndi chingwe mu ofesi momwemo.

"Mayi, katundu wolemerayo ndinyamula ndekha. Pa intaneti pazidutsa zokhazo zimene zasintha tsiku limenelo. N'zochepa. Ndingopempha chilolezo ndi ya chapa."

Dona Graciete anapumira m'mwamba. "Iwe mwana, umatopetsa. Pita, mwina ndingapume."

Anakulunga bokosilo m'kapulana ziwiri, zitenje za kumeneko, n'kukakwera chapa ya ku Chimoio. Kondakitala analiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mana, mlongo wanga, katunduyo akwere padenga."

"Akakwera padenga, inenso ndikwera naye."

"Muli golide kodi?"

"Muli malo a anthu."

Galimoto yonse inafa ndi phwete. "Ndiye mundisungireko kapuloti kamodzi, mana!" anatero kondakitala, n'kumusiya. Ercília analifungata pamiyendo makilomita mazana awiri, pokafika miyendo itachita dzanzi.

Masabata oyamba zinthu zinavuta. Intaneti inkaduka pakati, kutumiza n'kuyambiranso pachiyambi. Anawerenga, anayesa, analephera, mpaka anapeza njira yoti kutumizako kuzipitirira pamene kwadukira. Kuchokera pamenepo, tsiku lililonse 4 koloko masana chithunzi chatsopano chinkanyamuka kupita ku Chimoio, ndipo m'mawa uliwonse asanachite china chilichonse ankayamba waona ngati chafika.

M'mwezi wa Marichi chaka chotsatira, namondwe anagwa pa Beira.

Kutacha, Ercília anasiya nyumba ya amalume ake ilibe denga n'kuyenda m'madzi kupita ku ofesi, akulumpha mitengo ndi malata. Anapeza mawindo onse ataphwanyika. M'kachipinda kozizira kaja madzi anali atafika m'chiuno, bokosi la madisiki khumi ndi awiri litadzaza matope. Dona Graciete anali atakhala pa masitepe, nsapato ili kuphazi limodzi.

"Zatha, Ercília. Ntchito ya moyo wanga wonse."

"Sizinathe, mayi. Chithunzi chomaliza chinanyamuka dzulo masana."

"Chinafika?"

"Sindikudziwa."

Ndipo panalibe njira yodziwira. Mafoni anali atafa, msewu wa kumtunda utaduka. Masiku khumi Ercília anakhala akuchotsa matope mu ofesi, mtima uli ku Chimoio.

M'masiku amenewo anthu anayamba kubwera. Mmodzi anali bambo Tomé Chapepa, mmisiri wa matabwa, atanyamula jumbo yodzaza phala la mapepala. Mtengo wa mango umene unali malire a malo ake unali utazuka, ndipo woyandikana naye anali atakhoma kale mitengo mapazi atatu m'kati mwa bwalo lake, pamene panali shedi yake yopalira matabwa.

"Akuti ndionetse pepala. Pepala lake ndi limeneli, mwananga. Ndionetse phala?"

"Musakangane naye, bambo. Ndipatseni masiku ochepa."

Msewu utangotsegulidwa, anakwera pamwamba pa lole yoyamba imene inamulola. Ku Chimoio anapeza magetsi kulibe, koma bokosi lakale lija lili louma pa shelefu pamene analisiya. Anabwereka jenereta kwa wowotcherera zitsulo wapafupi. Nyali zinayaka imodziimodzi, zonse zobiriwira. Anatsegula mndandanda wa zithunzi n'kutsika mpaka pansi. Chomaliza chinali cha tsiku la namondwe, ndipo chinali chitafika chathunthu.

Asanakhudze china chilichonse, anayamba wakopera nkhokwe yonseyo pa madisiki ena, kuti isakhalenso pamalo amodzi ngakhale tsiku limodzi.

Patatha masiku atatu anali ku Beira, akusindikiza mapu a bambo Tomé. Oyeza malo anapita ndi zida zawo, mkulu wa dera ali pomwepo, n'kukhoma zikhomo pamene malire analidi. Woyandikana uja anazula mitengo yake yekha, osayang'ana munthu kumaso. Madzulo ake bambo Tomé anafika ku ofesi atasenza mpando umene anapala ndi matabwa opulumuka ku madzi.

"Ndalama ndilibe, mwananga. Koma ndaona kuti umagwira ntchito choimirira."

Mabanja oposa mazana atatu analandira mapepala awo chaka chimenecho. Lero Ercília amayang'anira mabokosi a madisiki a makampani asanu ndi awiri, ku Beira, ku Chimoio ndi ku Tete, ndipo savomera ntchito ngati eni ake akukana bokosi lachiwiri kutali.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukugwira ntchito imene simunailote, ndipo anthu anasiya kale kuyembekezera kanthu kwa inu. Pamalo pomwepo pali chinthu chimene mungaphunzire. Funsani funso lanu mawa m'mawa. Mukakanidwa kanayi, bwererani kachisanu mutakonza kale njira. Musafooke, ndipo mtima wanu musautaye, chifukwa kunja kuno kuli anthu amene simunakumane nawo, amene adzapulumukire pa khama lanu la lero.