Mkazi mnzanga wa miyendo itatu

Bambo a Tadala, lero chakwana chaka chitisiyireni, ndipo ndatulutsa mkazi mnzanga uja kunsi kwa bedi. Inde, ndikunena telesikopu yanu yoonera nyenyezi ija. Mukukumbuka tsiku limene munaimanga koyamba pabwalo pathu ku Chisepo, dzuwa likadalipo? Munatambasula miyendo yake itatu, n'kukhazikapo mutu wachitsulo uja, n'kumamanga mabawuti pang'onopang'ono ngati mukuveka mkwatibwi. Koma kathovu kosonyeza ngati yaima mowongoka kanakaniratu kukhala pakati. Munatuluka thukuta mpaka ine ndinati, "Miyendo itatu ndi mafuwa basi, lotsika timalichirikiza." Ndinalowetsa phale pansi pa mwendo umodzi, kathovu kaja n'kukhala pakati penipeni. Ine ndinkadikira zikomo wanga. Inu munasisita chitsulocho n'kunena kuti, "Mwakhazikika tsopano, mayi." Mayi! Ine wokubalirani ana ndili chiimire pompo, kenako munapempha chitenje changa chatsopano kuti mumufunditse fumbi lingamulowe.

Sindinama, nsanje ndinali nayo, ndipo mpaka lero sinathe. Madzulo ano ndamumanga ndekha. Phale lija ndalipeza m'bokosi mwake, mutalikulunga bwinobwino m'kansalu. Ndalirako, koma musaganize kuti ndakhululuka. Zaka zonse zija iye ankakuonetsani kumwamba, ine ndili pakhomo kukuitanani kuti lowani m'nyumba, mphepo ya kuno ku Dowa ikupwetekani. Taonani amene munamumvera.