Wolawa Chakudya cha Achimwene

Dzulo ndikulimbana ndi kasitomala pa mtengo wa jekete mumsika wa Ndirande, fungo la nkhuku yokazinga ndi anyezi linandisokoneza mpaka jekete inapita pa mtengo wa kasitomalayo. Ine amene ndinganenerere ngakhale bokosi la maliro.

Ndi mmene inkanunkhira kontena imene amayi ankapititsa kwa achimwene anga a Gasito. Anali asanamere ndevu pamene gulu lawo lolanda zikwama linapha munthu pamlatho, khoti n'kuwapeza olakwa. Ine ndinangouzidwa kuti anasamuka.

Tsiku lina amayi ananditenga. Ndinaona mpanda wautali, geti lachitsulo, alonda amfuti. Mlonda wina anatsegula kontena n'kutokosa mpunga ndi supuni.

"Lawani, mayi."

Amayi analuma nkhuku pang'ono, mlonda akuwayang'ana pakhosi mpaka atameza.

Ndinagoma. Ndinkamva kuti amene amalawiridwa chakudya ndi apulezidenti okha. Ndiye achimwene alemera liti? Koma nditawaona ndinadabwa: bwana wanji woyenda chosavala nsapato?

Mu minibasi ndinafunsa mokweza, "Amayi, kuti ndikakhale kumene kuli achimwene, ndiphunzire mpaka sitandade chani?"

Kondakitala anaseka. Amayi sanaseke, sanandimenyenso. Anangondigwira dzanja zolimba mpaka titatsika.

"Iwe uzidya pakhomo," anatero.

Kuyambira pamenepo, akaphika nkhuku yopita kundende, ntchafu imodzi inkatsala m'mbale yanga.

Pano ndimaona kuti amayi ankandilimbirana ndi gulu lija, ndipo anapambana ndi ntchafu ya nkhuku.